Kamaikulosikopu kolembedwa 1600X: nankafumbwe kamamuona, za nano ayi

Ndinakagula kumapeto kwa Ogasiti, malipiro atangolowa, pa kasitolo kena ka mafoni ndi matchaja kufupi ndi depoti pa Boma pano. Dzina la sitoloyo ndilisunga. Mwini wake ndi mnyamata waulemu, ndipo bodza limene anandiuza sanalipeke yekha, analiwerenga pakatoni pomwe ndinaliwerenga inenso. Katoniyo inalembedwa 1600X ndi zilembo zofiira zonenepa, ndipo m'munsi anajambulamo kachilombo kozungulira, kaminga thupi lonse ngati kanungu.

"Madala, aka kamaona chilichonse," anatero akukapukuta fumbi ndi malaya. "Magazi, mavairasi, mpaka za nano. Ndi X-ray ya m'thumba imeneyi."

Anayambira pa K95,000. Tinanenerera mpaka ndinatuluka nako pa K78,000, kuphatikiza K3,500 ya kachingwe kolumikizira ku foni. Ndinkadziwa kuti mawu aja a X-ray ndi otsatsira malonda chabe, popeza ndaphunzitsa fizikisi zaka 17 pa sekondale yoyendera m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay. Koma labu yathu ili ndi mamaikulosikopu awiri okha, ina inachita nkhungu m'kati mwa galasi, inayo kalilole wake anasowa kalekale, ndipo ana m'kalasi amapitirira 60. Ndinati olo kataona theka la zimene akunenazo, ndapindula.

Kachipangizo kake n'kotalika ngati chitsononkho. Kukamwa kwake kuli timagetsi 8 tozungulira galasi, pamimba pali kagudumu kopotokola kuti chithunzi chioneke bwino, kumchira kuli chingwe cha USB. Anaikamonso CD ya pulogalamu, koma laputopu yanga ilibe polowetsa CD. Mwamwayi nditangolumikiza, pulogalamu ya kamera imene ili kale m'kompyuta inakazindikira yokha. Pamenepo ndiwayamike.

Usiku woyamba ndinayamba ndi zimene zinali pafupi. Mchere wa m'khitchini unaoneka timabokosi tangodya zinayi, towala ngati njerwa zagalasi. Mchenga umene ndinatapa pagombe la Shire, kumunsi kwa mlatho, unali ndi timiyala toyera, takuda, ndi tizidutswa ta zigoba za nkhono. Kenako ndinatapa chimanga m'thumba, n'kupeza nankafumbwe mmodzi. Mayi a kunyumba, amene tsiku lonse anali asakundiyankhula bwino chifukwa cha ndalama ija, anabwera kudzasuzumira. Ataona chitamba cha nankafumbwe chadzaza sikirini yonse, thupi lake lili maenjemaenje, miyendo ikupalasa, anabwerera m'mbuyo. "Bambo a ana, chimenechi n'chimene tikudya nacho limodzi?" M'mawa mwake chimanga chonse chinali pamphasa padzuwa. Palibe mlangizi amene anawakopapo msanga choncho.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi mamba a chambo. Ndinatola limodzi pomwe amapalira nsomba, ndinalitsuka, n'kuliumitsa pakati pa mapepala. Ndi maso limangooneka kachikhadabo koyera. Pansi pa kagalasika lili ndi mizere yozungulira, wina m'kati mwa unzake, yambirimbiri, pena yotalikirana, pena yothinana. Ndinakhala nalo mpaka magetsi anazima, batire ya laputopu n'kutha. Mizere imeneyi musaiiwale, ndibwererako.

Kusukulu kanachita zodabwitsa. Ana anaona kuti sikirini ya foni ndi timadontho tofiira, tobiriwira ndi tabuluu basi, kuti choyera chimene amachiona palibepo. Anaona mizere yopyapyala ya pa K2,000. Mnyamata wina wamatama anaika chala chake, anzake ataona zimene zinali m'chikhadabo anaseka mpaka aphunzitsi a kalasi yoyandikana anabwera kudzafunsa. Tinagwiranso kankhono kam'madzi, tinakadikira mphindi khumi kuti katulutse mutu, ndipo tinaonadi timaso take tiwiri takuda patsinde pa nyanga. Akuluakulu aja ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ankanena zenizeni.

Tsono zolakwika. Kamwendo kake kachitsulo n'kachabechabe. Ukangoti wapeza chithunzi, mutu umayamba kuwerama pang'onopang'ono ngati munthu wosinza m'tchalitchi. Ndinachita kumanga ndi mphira ya chubu cha njinga. Batani lojambulira analiika pathupi pa kachipangizo komweko, ndiye ukalidina chithunzi chimagwedera. Bola kudina pa kompyuta. Timagetsi tija timathobwa pa chinthu chilichonse chonyowa, diso la usipa linangooneka mphete zoyera. Ndipo ndi kutentha kwa Okutobala kuno, kakayaka theka la ola kamafunda, chithunzi n'kuyamba kuchita timadontho.

Zonsezo n'zopirira. Nkhani yanga ili pa 1600X.

Kuyeza kwake n'kosavuta, aliyense angachite. Ndinaika rula pansi pake, ndinapotokola kagudumu mpaka pamapeto, n'kuyeza ndi rula ina pa sikirini. Milimita imodzi inatambalala masentimita 14. Ndiye kuti kamakuza ka 140, osati ka 1600. Titalumikiza ku TV ya muofesi ya ahedi, milimita ija inakuladi kuposa pamenepo, koma palibe chatsopano chinaoneka. Mzere womwewo, wonenepa, wachimbuuzi. Kuli ngati kuthira madzi m'phala kuti likwanire ana ambiri: mphika umadzaza, ufa ndi womwe uja. Nambala ya pakatoni amaipeza motero, poganizira sikirini yaikulu ngati khoma.

CD yopanda ntchito ija inapeza ntchito. Mizere imene CD imasungapo nyimbo ndi yotalikirana mananomita 1,600. Nanomita ndi milimita imodzi yogawidwa ka 1,000,000; tsitsi la munthu ndi lonenepa mananomita pakati pa 50,000 ndi 100,000, selo lofiira la magazi pafupifupi 7,500. Ndinaika CD ija pansi pa kagalasi. Utawaleza wokhawokha, mzere olo umodzi osaoneka. Choncho 1600 yoona yokhayo m'katoni monse inali pa CD, ndipo kachipangizoka kanalephera kuiona. Chikomekome cha mkuyu.

Mavairasi ambiri odziwika, monga HIV ndi kolona, ndi a mananomita 100 kapena kuposerapo pang'ono. Ndiye apa si nkhani ya kutchipa ayi. Olo mutagula maikulosikopu ya mamiliyoni, ngati ikuonera kuwala wamba kudzera m'magalasi mwa nthawi zonse, imakathera pa mananomita 200. Ernst Abbe anafotokoza malire amenewa ku Jena mu 1873. Ana anga ndimawauza za kunyanja. Zikani bango limodzi m'madzi tsiku la mwera: funde lalikulu limangolikulunga n'kupitirira ngati palibe kanthu, kuseri kwake simungadziwe kuti ladutsa pa bango. Koma timafunde ting'onoting'ono ta m'mawa timasweka pabangopo n'kusiya chizindikiro. Kuwala kumene maso athu amaona kuli ndi mafunde otalika mananomita 400 mpaka 700. Kanthu ka mananomita 50 kwa iko ndi bango pa mwera.

Apa m'pamene mawu a mnyamata uja akuti X-ray anandikhala pamtima, chifukwa mosadziwa anakhudza penipeni. Mafunde a X-ray ndi aafupi zedi, kuyambira mananomita 10 kutsika mpaka 0.01. Amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri poona m'kati mwa zinthu zolimba ndi a 0.1, msinkhu wa atomu. Ndiye bwanji sitinangopanga maikulosikopu ya X-ray kalekale n'kuthana nazo? Ndinatha mabandulo awiri ndikuwerenga usiku, ndipo yankho lake ndi limene landichititsa kulemba zonsezi.

Mu 2019 ndinagwa pa kabaza n'kuthyoka mkono. Amene munajambulitsapo X-ray mukudziwa: makina mbali ino, mbale mbali inayo, iwe pakati. Palibe galasi lokuzira paliponse. Chimene amakupatsa ndi mthunzi, fupa langa linatuluka msinkhu wake womwewo. Ndi mmene Wilhelm Röntgen anajambulira dzanja la mkazi wake, mphete ili kuchala, ku Würzburg mu Disembala 1895, patangopita milungu yochepa atatulukira cheza chimenechi. Iye yemweyo anayesa kuchisonkhanitsa pamodzi ndi magalasi monga timachitira potentha pepala ndi dzuwa, ndipo analemba kuti sizitheka. X-ray imangoboola galasi n'kupita, pafupifupi osakhota. Khalidwe lomwe limaichititsa kudutsa mnofu ndi lomwenso limaichititsa kukana kuwongoleredwa.

Panapita zaka zoposa 50. Mu 1948 Paul Kirkpatrick ndi Albert Baez ku Stanford anaonetsa njira imene mwana aliyense wa kugombe amaidziwa. Mwala ukauponya molunjika pansi umamira. Koma wophwatalala, ukauponya chogona, umadumpha pamadzi. X-ray nayonso ikafika pa kalilole chogona kwambiri, motsetsereka mamilimita atatu kapena anayi pa mita yathunthu, imanjanja m'malo molowa. Iwo anatenga akalilole awiri opindika pang'ono, wina chogona wina choimirira, woyamba kufinya cheza kuchokera m'mwamba ndi pansi, wachiwiri kuchokera m'mbali. Mpaka lero akalilole otere amatchedwa KB, zilembo zoyamba za mayina awo.

Vuto lili pa kusalala. Poti funde lake ndi laling'ono chotero, kachotupa kalikonse pa kalilole kamalimwaza. Akalilole abwino kwambiri salola cholakwika choposa pafupifupi nanomita imodzi. Tinawerengetsa pabolodi ndi a Fomu 4: tengani kalilole wa masentimita 10, mumukuze mpaka atalike ngati nyanja yathu yonse, makilomita pafupifupi 580. Chotupa chololedwacho chingakhale mamilimita 6, kuchepera njere ya chimanga, kuchokera kuno mpaka kupitirira Karonga. M'kalasi munati zii. Akatswiri a ku yunivesite ya Osaka, motsogozedwa ndi Kazuto Yamauchi, amasalaza akalilole otere m'madzi okhala ndi tinthu tosalala kwambiri timene timachotsa maatomu pang'onopang'ono, kuyeza, kuchotsanso, kuyezanso. Mu 2010 iwo ndi Hidekazu Mimura analengeza kuti afinya X-ray kufika pa mananomita 7 pa makina a SPring-8 ku Japan. Ine ndikulimbana ndi kamwendo kosinza.

Njira yachiwiri ndi ija ya mamba a chambo. Amaitcha zone plate, ndipo maganizo ake anachokera pa ntchito ya Augustin Fresnel wa ku France. Ndi kambale kakang'ono, kosaposa kwenikweni kadontho ka cholembera, kokhala ndi mphete zozungulira, ina m'kati mwa inzake, kawirikawiri zagolide. Mphetezo zimanka zipyapyala ndi kuthinana ukamapita kunja. Cheza chikadutsa m'mipata yake, mafunde amakakumana pamalo amodzi kutsogolo n'kuwonjezerana mphamvu. Gulu la Günter Schmahl ku Göttingen linayamba kujambula nazo zinthu m'ma 1970. Lamulo lake ndi lankhanza: kanthu kochepetsetsa kamene ungaone n'kofanana ndi kupyapyala kwa mphete yakunja kwenikweni. Ukufuna kuona mananomita 20, panga mphete ya mananomita 20. Ndipo kwa X-ray yamphamvu mpheteyo iyeneranso kukhala yaitali, apo ayi cheza chingoiboola osaimva. Amisiri omanga andimvetsa: khoma lonenepa masentimita 20, lotalika mamita 6 kapena 10, lopanda chipilala, ndipo makoma otero mazanamazana moyandikana. Amagwa. Ena anazemba vutoli posiya kumanga choimirira. Amayala timiyalo tambirimbiri, wina pamwamba pa unzake, aliyense wopyapyala mananomita ochepa, kenako n'kucheka kagawo m'mbali monga timachekera buledi. Zimenezi amazitcha multilayer Laue lens, ndipo gulu la Saša Bajt pa malo ofufuzira a DESY, mumzinda wa Hamburg, linafika nazo pansi pa mananomita 10.

Yachitatu ndi imene imandiseketsa, chifukwa ikanatheka ndi dirilo ya pa galaja. Röntgen sanalakwe kwenikweni, koma X-ray imakhota ndithu, pang'ono zedi, ndiponso mosemphana ndi kuwala wamba. Galasi lotenthera pepala ndi lonenepa pakati. Loti lisonkhanitse X-ray liyenera kukhala lopyapyala pakati. Limodzi silichita kanthu. Mu 1996 Anatoly Snigirev ndi anzake ku Grenoble anaboola mabowo 30 mondondozana m'chidutswa cha aluminiyamu. Kakhoma kotsala pakati pa mabowo awiri ozungulira n'kopyapyala pakati, ndiye kalikonse kanakhala galasi lofooka. Munthu mmodzi sangakoke khoka, koma mukaima 30 pa chingwe chimodzi limafika kumtunda. Masiku ano amazipanga ndi beryllium, silicon ngakhalenso dayamondi.

Ndipo kuti zonsezi zifike pa mananomita ochepa chotero, zimafuna gwero la cheza lowala koopsa. Makina ake amatchedwa synchrotron, msewu wozungulira umene ma electron, tinthu ting'onoting'ono ta magetsi, amathamangamo pafupifupi pa liwiro la kuwala. Wa ku Grenoble, ESRF, ndi wozungulira mamita 844, ndipo unayamba kulandira ofufuza mu 1994. Ku Switzerland, pa Paul Scherrer Institute, mu 2017 anaona m'kati mwa chip ya kompyuta osaisenda, mbali zonse zitatu, mpaka tinthu ta mananomita pafupifupi 15. Imeneyo ndiye X-ray yoona za nano. M'thumba singalowe.

Chimene chinandiwawa powerenga n'chakuti mu Africa monse mulibe synchrotron olo imodzi. South Africa inalowa nawo mu ESRF mu 2013, ndipo mafupa akalekale ofukulidwa kumeneko amakwera ndege kukaunikidwa ku France. Mu 2015 asayansi anakumana kukambirana zoti Africa ikhale ndi yake, African Light Source, ndipo msonkhano woyambawo unachitikira ku Grenoble komweko. Ku Jordan iliko, SESAME, kuyambira 2017. Ife tili ndi nyanja ya mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko, mbuna zokhazokha mitundu mazanamazana, iliyonse ndi mano akeake, koma wofuna kuona m'kati mwa dzino la mbuna pa msinkhu umenewo ayenera kulinyamula ulendo wa kutsidya kwa nyanja zamchere. Mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye amene amapanga magalasi amenewo anaphunzira chiyani?" Ndinati fizikisi yomweyi, mutu wa mafunde umene munathawa Lachitatu. Sanaseke. Analemba dzina la Grenoble kuseri kwa kope lake.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikuchenjeza mwamphamvu. Mbiri itamveka kuti aphunzitsi ali ndi makina oona tizilombo, mayi wina woyandikana nafe anabwera m'mawa ndi kabotolo ka mkodzo wa mwana wake. "Achimwene, tandionereni ngati muli likodzo." Kunena zoona dzira la likodzo la m'chikhodzodzo ndi lalikulu ndithu, pafupifupi mananomita 150,000, lili ndi kaminga kumapeto, ndipo mwina kachipangizoka kangalione. Koma ndinakana. Kuwala kwake kumachokera pamwamba, pomwe zinthu za m'madzi ndi m'magazi zimafuna kuwala kodutsa kuchokera pansi. Ndikanapanda kuona kanthu, mayiyo akanabwerera kwawo ndi mtima wogwa pansi, mwana n'kumapitiriza kudwala. Ndinawauza apite kuchipatala, kumene amasefa mkodzo, kuuyeza moyenera ndi kupereka mankhwala a praziquantel. Za malungo ndiye musayerekeze n'komwe. Kachilombo kake kamakhala m'kati mwa selo lofiira, ndipo ine selo lenilenilo sindinalione ndi kamodzi komwe. Ndikuopa kuti tsiku lina wina adzagula kotereka, n'kuvala chovala choyera, n'kumalipiritsa anthu kumidzi ya ku Namwera kapena ku Makanjira.

Agule ndani? Mphunzitsi wa sayansi, kaya wa pulayimale kaya wa sekondale, agule, sadzadandaula. Okonza mafoni agule, timiyendo ta pa bolodi timaoneka bwino kwambiri, ngakhale kuti mpata wolowetsa chowotcherera ndi wochepa. Alangizi a zaulimi ndi ogula mbewu angapindule nako. Kholo lofuna kuti mwana asiye kaye TikTok, nalonso. Koma musapitirire K60,000. Ndinazindikira mochedwa kuti ndinaboola m'thumba. Ndipo musanapereke ndalama, pemphani rula, muyeze pomwepo.

Ndinabwerera kusitolo kuja patatha mwezi, osati kukabweza katundu, koma kukagula tchaja. Ndinamuonetsa mnyamata uja chithunzi cha rula, n'kumufotokozera za CD, za bango ndi za kalilole wotalika ngati nyanja. Anamvetsera mpaka kumapeto, makasitomala awiri akudikira.

"Ndiye ndiziwauza chiyani anthu, madala? Ndatsala nato titatu."

"Uziti kamaona nankafumbwe ngati mbuzi."

Anaseka, n'kundipempha ndimutumizire chithunzi cha nankafumbwe uja pa WhatsApp. Dzulo ndadutsapo, wachisindikiza n'kuchimata pagalasi la sitolo, pamwamba penipeni pa katoni yolembedwa 1600X. Kanga kali m'kabati ya labu, komangidwabe ndi mphira ya chubu. Lolemba a Fomu 2 abweretsa aliyense chake choti tione, ndipo mnyamata wina walonjeza kale nsabwe ya mng'ono wake.